Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Foni imene ndinatumiza pa basi

Anzanga ndabweranso. Pepani ndinasowa masabata atatu, madam anali ndi alendo ochokera ku Durban ndiye ntchito imayamba 6 mpaka usiku, ndikalowa kuchipinda ndi tulo basi. Zikomo nonse amene munalemba pansi pa gawo 8, makamaka mayi aja munati munalira mutawerenga za maliro a bambo ake a Wachisamba, Mulungu akudalitseni mayi. Ndipo inu amene mwakhala mukundivutitsa ku inbox kuti nanga mwana uja zinatha bwanji poti ndinangotchula pang'ono, lero ndi tsiku lanu. Ndamupempha kaye mwini wake, wavomera, wangoti dzina ndisatchule monga mwa nthawi zonse.

Mukukumbuka ndinachoka ku Bangwe 2016 iye ali Standard 6, ndinamusiya m'manja mwa amayi anga. Zaka zitatu tinkalankhulana pa kafoni ka mabatani ka amayi, mphindi ziwiri mayunitsi atha. December 2019 ndinagula Tecno mutauni, ndinaikulunga m'bulangete pamodzi ndi mafuta ophikira, ndikupatsa transporter pa Park Station, achimwene anakalandira pa Wenela.

Amene mwakonzeka kale kulemba kuti ndinalakwa kupatsa foni mwana wa zaka 15, dikirani kaye. Inu mwana wanu mumamuona m'mawa uliwonse akutsuka mkamwa. Ine tsiku loyamba kuimba video call ndinapeza mnyamata wa tindevu, mawu asintha, ndinachita kufunsa kuti kodi ndiwe yemwe uja, iye kuseka, ine misozi mbwembwembwe. Munthu amene sanakhaleko ku Joni asandiuze za foni imene ija.

Kenako March 2020, kuno lockdown, kumudzi sukulu zatsekedwa miyezi yoposa isanu. Wachisamba anati aphunzitsi akutumiza manotsi pa gulu la WhatsApp ndiye pakufunika bandulo, ine kutumiza. Sabata isanathe yatha, kutumizanso. Simu inalembetsedwa pa chitupa cha amayi poti iye anali mwana, ndipo poti amayi sawerenga mameseji ndinayamba kumangotumiza ndalama zonse za pakhomo pa nambala yake kuti azikatapa yekha. Ndinkanyadira kuti ndili ndi mwamuna pakhomo.

Amayi anandichenjeza, ndisawanamizire. Anati iwe, mwana wakoyu sakudya, nsima ikumazizira maso ali pa galasi, usiku ndikumaona kuwala m'bulangete, akumaseka yekha ngati wagwidwa ndi mizimu. Ine ndinayankha kuti amayi musadandaule ndi ana a masiku ano. Chifukwa chimene ndinayankhira choncho ndi chakuti nanenso ndinali chimodzimodzi. Ndikalowa pa WhatsApp 2 koloko usiku ndikumupeza ali online, m'malo moti ndimukalipire kuti gona, mtima umakhala pansi kuti tonse tili maso, ndimutumizire ka mtima, iye abweze ka mtima, ine ndigone ndikuti mwana wanga ndikumulera. Tiki ziwiri za buluu ndinkaziyesa kulera.

Ndiye pali china chimene sindinakuuzenipo ndipo ena mwa inu munadinapo like. Zithunzi zija za pa Facebook, ndatsamira galimoto yoyera, ndakhala pa mpando pafupi ndi swimming pool, ndanyamula majumbo a ku mall. Galimoto inali ya madam, majumbo anali a madam, ine chipinda changa ndi cha kuseri kwa garaji, bedi ndi ka stove basi. Ndinkafuna alamu anga aja a ku Machinjiri, amene ananena pa maliro kuti ndidzavutika mpaka kufa, aone.

2021 inadutsa bwinobwino, kapena ndinene kuti ine ndinkaona ngati bwinobwino.

2022 ali Form 4 ndi pamene kandege kanalowa m'nyumba. Kwa amene simukadziwa, ndi juga ya pa foni, umaika ndalama kandege n'kuyamba kukwera, nambala nayo ikukwera, 1.5, 2, 5, ukadina msanga watenga ndalama yako yochulukitsidwa, ukachedwa pang'ono kauluka ndi zonse. Masekondi ochepa chabe kwatha, kena kayambanso, palibe nthawi yoti munthu uganize. Amati ndi za azaka 18 kupita m'mwamba koma paja simu inali ya agogo ake. Anandiuza pambuyo pake kuti tsiku loyamba anaika K500 n'kupeza K18,000, anagulira agogo ake shuga ndi buledi n'kunama kuti wagwira ganyu. Kuwina kumene kuja ndi kumene kunamupha. Kuchoka apo inapita ndalama ya magetsi, ya chimanga, kenako fizi, kenako ndalama ya mayeso imene ndinatumiza nditakongola kwa mnzanga wa ku Zimbabwe. Pofuna kubweza anakatenga katapila kwa mkulu wina wa pamsika, nayonso inauluka.

Dzina lake silinapite pa mndandanda wa olemba mayeso ndipo sanauze munthu. Miyezi yonse ija ankavala yunifomu m'mawa, kutsanzika agogo ake, n'kukakhala ku barbershop ya mnzake. Ine ndikamufunsa sukulu ikuyenda bwanji amatumiza ka chala ka m'mwamba.

Tsopano usiku uja. Ndalemba ndi kufufuta kanayi ndime imeneyi.

Linali Lachiwiri, mayeso atatsala masiku ochepa. Ine ndinali pa bedi ndikuonera live ya azimayi awiri akutukwanizana pa Facebook nkhani ya mwamuna, anthu masauzande tikuonera, ine ndikulemba nawo makomenti kuseka. Pamwamba pa foni panabwera uthenga, voice note yochokera kwa Wachisamba. Ndinaiona ndi maso angawa. Ndinati mumtima aaa ameneyu akufuna bandulo, ndinaikankhira kumbali ndi chala kuti isanditchinge. Live inatha cha m'ma 1, ndinagona.

Ndinaimvera m'mawa 5:30 ndikuthira madzi mu ketulo. Mphindi imodzi ndi masekondi 52. Poyamba sakulankhula, ukungomva kupuma ndi agalu akuuwa patali. Kenako akuti mami, mami muli maso? Ndikuona muli online. Kenako chete. Kenako akuti mami ndalakwitsa zinthu zazikulu, ndimafuna ndikuuzeni ndekha musanamve kwa anthu, mukandiyankha ndikuuzani. Anadikira, ukuchita kumva kuti akudikira ngati ndimuyankha momwemo. Mapeto ake anangoti mundikhululukire, muwauze agogo asandifunefune.

Ndikuona muli online. Mawu amenewo mpaka lero amandidzutsa usiku.

Ndinaimba, foni yozima. Ndinalemba, tiki imodzi. Ndinaimbira amayi, akuti pamphasa palibe munthu, yunifomu ili pa chingwe. Ndinakhala pansi pa kitchen ya madam, ketulo ikuwira mpaka inazima yokha, miyendo ikukana kudzuka. Tsiku limenelo ndinasita malaya a abwana ndikuyang'ana tiki imodzi ija mphindi iliyonse, ndinawotcha kolala, madam anangondiyang'ana osanena kanthu. Achimwene anazungulira kupolisi, kuchipatala, anafika mpaka ku mochale, ine ndili kuno makilomita onsewa ndagwira kachitsulo m'manja, kamene ndinkati kamandiyandikitsa kwa mwana wanga. Masiku awiri sindinadye. Lachinayi madzulo ndi pamene achimwene anamupeza ku depoti ya mabasi ku Limbe atakhala pa benchi, wanjala, foni anaiika pinyolo.

Alamu, ndikudziwa mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Tsiku limene mwana anasowa, tisanadziwe ngati ali moyo, inu munaika pa status kuti ana oleredwa pa WhatsApp mathero ake ndi amenewa, ndi tizithunzi toseka titatu. Screenshot ndikadali nayo. Mwina simunaname kwenikweni, koma munakhala makilomita ochepa kuchoka ku Bangwe zaka zisanu ndi chimodzi osapitako ngakhale ndi kapaketi ka mchere, ndiye pa anthu onse oyenera kunena mawu amenewo inu simulipo.

Ndinapempha tchuthi ndikukwera basi, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, njira yonse ndikukonza mawu omukalipira. Nditafika ndinapeza mwana woonda, maso olowa, sakutha kundiyang'ana. Mawu onse aja anathawa. Usiku titakhala pakhonde ndinangofunsa kuti bwanji sunandiuze poyamba pomwe. Anati mami ndimaona zithunzi zanu, anzanga onse amati mayi ako ndi bwana ku Joni, ndiye poyamba ndinkati ndalama zilipo zambiri simudzazindikira, kenako zitachuluka ndinkachita manyazi kuti mwana wa mayi otere angakhale bwanji mbuzi chonchi.

Ndinamuonetsa manja anga mmene anathetsekera ndi jik. Ndinamuuza za chipinda cha kuseri kwa garaji, za galimoto ya madam, za ngongole ya mnzanga wa ku Zimbabwe imene ndinali ndisanamalize kubweza. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anafunsa kuti ndiye ngakhale diresi yofiira ija? Ndinati imeneyo yokha ndi yanga, ya pa kaunjika. Tinaseka mpaka amayi anatuluka kudzafunsa ngati tapenga.

Wakatapila tinamubweza pang'onopang'ono mpaka chaka chinatha. Wachisamba anabwereza Form 4 ali ndi kafoni ka mabatani ka agogo ake, ndalama ndinayamba kutumiza kwa achimwene. Za mmene mayeso anayendera ndi za mtsikana uja wa ku kwaya ndidzakuuzani mu gawo 10, musandithamangitse.

Amene munandifunsa chaka chija kuti zithunzi zanga zakale zinapita kuti ndipo ndinakunamizani kuti akaunti inabedwa, sinabedwe. Tinazifufuta usiku womwewo pakhonde paja, iye ndi amene ankadina poti ine sindinkadziwa pofufutira. Zinalipo 43. Cha diresi yofiira anakana, chilipobe.