Zikomo kwa Inu Amene Munakhala Nafe Pansi

Usiku wathawu tagona koyamba m'nyumba yathu yatsopano. Patha chaka ndi miyezi iwiri chichitikireni ngozi ija, pamene madzi osefukira anakokolola nyumba yakale n'kutitengeranso mng'ono wanga. Ndakhala ndikuzengereza kulemba mawuwa chifukwa "zikomo" amandichepera, koma ndikapanda kulemba lero ndiye kuti sindidzalembanso.

Ndiyambe ndi inu anyamata amene munayenda m'matope masiku anayi kufunafuna thupi lake. Ena mwa inu ngakhale mayina sindikukudziwani. Inunso mayi amene munatenga ana anga awiri n'kumawagoneka pamodzi ndi anu kwa miyezi itatu osang'ung'udza, Mulungu akudalitseni. Mawu amenewa ndikuwanena ndi mtima wonse, ngakhale panali nthawi imene dzina la Mulungu sindinkafuna n'kulimva komwe.

Pa masiku amaliro anthu ambiri anabwera ndi mayankho. Wina anati chinali chifuniro cha Mulungu. Wina anati Mulungu amatenga abwino okhaokha. Panalinso wina, sindimutchula, amene anandikokera pambali n'kundiuza kuti tidzifufuze pabanja pathu, mwina pali tchimo lobisika. Ndinangomuyang'ana. Mng'ono wanga anali atapulumuka kale, anabwerera m'madzimo kukatenga mwana wa anzathu oyandikana nawo nyumba. Tchimo lake linali liti?

Abusa, inu simunatero. Nditakufunsani mokalipa kuti, "Ngati Mulungu ndi wachikondi, anali kuti usiku uja?" munakhala chete nthawi yaitali, kenako munatsegula Luka 13. Anthu 18 anafa nsanja ya ku Siloamu itawagwera, ndipo Yesu anafunsa ngati iwowo anali olakwa kuposa ena onse a mu Yerusalemu. Anayankha yekha kuti iyayi. Munandikumbutsanso za anzake atatu a Yobu, amene anakhala naye pansi masiku 7, usana ndi usiku, osalankhula kanthu. Zinthu zinayamba kusokonekera atatsegula pakamwa kuti alongosole chifukwa chake Yobu ankavutika. Ndipo kumapeto Mulungu anakwiyira iwowo, osati Yobu amene ankalira n'kumafunsa mafunso. Tsiku limenelo ndinapuma koyamba. Ndinazindikira kuti kufunsa Mulungu si kumukana.

Tulo titandithawa ndinkawerenga za masoka a kwina. Pa 1 Novembala 1755 chivomerezi chinagwetsa mzinda wa Lisbon ku Portugal m'mawa wa Tsiku la Oyera Onse, anthu ambiri ali m'matchalitchi kupemphera. Ndiye wina azindiuza kuti ngozi imasankha ochimwa? Koma chimene chinandigwira mtima kwambiri ndi chaka cha 2010. Mu Januwale chivomerezi cha mphamvu ya 7.0 chinapha anthu oposa 100,000 ku Haiti. Mwezi wotsatira china champhamvu kwambiri, cha 8.8, chinagwedeza dziko la Chile, koma anafa anali oposa pang'ono 500. Pazifukwa zake, chachikulu chinali mamangidwe: ku Chile kunali malamulo okhwima omangira nyumba zopirira zivomerezi, pamene ku Haiti umphawi unadzaza anthu m'nyumba zosalimba.

Apa ndinachita manyazi pang'ono. Zina zimene timamunamizira Mulungu ndi zathu zomwe: mitengo imene tinagwetsa m'mapiri, nyumba zimene timamanga m'njira ya madzi chifukwa kwina tilibe malo, chenjezo limene limafika mochedwa kapena timalinyozera. Koma sindikunamizani kuti zimenezi zatseka nkhani. Mvula ija sinagwetsedwe ndi munthu. Ndipo ngakhale mutandiwerengera zifukwa zonse, funso lakuti n'chifukwa chiyani anapita iyeyo, ine n'kutsala, limandidzutsabe pakati pa usiku. Chimene ndagwiritsa ndi vesi lalifupi lija la pa Yohane 11:35. Yesu ankadziwa kuti aukitsa Lazaro posachedwa, komabe popita kumanda analira kaye ndi olirawo. Mulungu wolira nafe ndingathe kumupempheranso. Ndipo ngati ndinamuonapo chaka chino, ndinamuona m'manja mwanu modzaza matope.

Amisiri amene munamanga makoma awa Loweruka lililonse osalandira kanthu, anzanga a kuntchito amene munasonkha, achemwali amene munasenza mayi athu pamsana usiku uja: zikomo, zikomo kwambiri. Mwana amene mng'ono wanga anamukankhira pa nthambi ya mtengo uja ali moyo, wayamba sukulu chaka chino.

Pempho langa ndi limodzi. Mayi athu amadzidzimukabe mvula ikayamba usiku, ndipo masana amakhala pakhonde kuyang'ana kumsewu. Inu amene mumabwera kudzacheza nawo, chonde musasiye. Simukufunika kubwera ndi mawu ayi, mpando ulipo pafupi nawo.