Mmene ndinalondolera mzere wobadwira wa banja la Adams

Ndinkaganiza kuti ntchitoyi ndi ya madzulo amodzi. Ndinkafuna kulemba papepala mzere wa makolo a John Adams, pulezidenti wachiwiri wa dziko la America, kuyambira pa Henry Adams amene anachoka ku Somerset ku England cha m'ma 1638 n'kukakhazikika ku Braintree, ku Massachusetts. Henry anabereka Joseph, Joseph anabereka Joseph mnzake, ameneyu anabereka John dikoni wa mpingo, ndipo dikoniyo ndiye bambo wa pulezidenti. Mpaka apa zinayenda ngati madzi.

Mavuto anayamba nditalowa m'makalata a banjali. Makalatawa amasungidwa ku Massachusetts Historical Society ku Boston, ndipo ambiri ali pa intaneti, chithunzi cha kalata pamodzi ndi mawu ake otayipidwa. John pulezidenti uja ndi mkazi wake Abigail analemberana makalata oposa 1,100. Poyamba ndinkawerenga zithunzi zokha, kudzionetsa kudziwa, koma chilembo s chachitali cha masiku amenewo chimaoneka ngati f, ndipo Abigail ankalemba mawu ena monga mmene ankawamvera. Ndinagonja. Ndinayamba kuwerenga zotayipidwa, chithunzi n'kumangochiyang'ana ndikakayika.

Chimene chinandidyera masiku atatu ndi mayina. Mayi uja anabadwa Abigail Smith mu 1744, mwana wa m'busa William Smith wa ku Weymouth, n'kukwatiwa ndi John mu 1764. Mwana wawo woyamba, wobadwa mu 1765, anamutchanso Abigail, ndipo anakwatiwa ndi William Stephens Smith. Ndiye taonani: mayi ndi Abigail Smith Adams, mwana ndi Abigail Adams Smith, ndipo William Smith ndi bambo wa mmodzi komanso mwamuna wa winayo. Papepala langa loyamba ndinakwatitsa munthu kwa agogo ake. Ndinaling'amba. Kuyambira pamenepo dzina lililonse ndimalilemba ndi chaka chobadwa pambali, ndipo mwanayo ndimamutcha Nabby, mmene makolo ake ankamutchulira. Kalata yosainidwa kuti Portia musaiyese ya munthu wachilendo, ndi mayi yemweyo.

Madeti nawonso amapusitsa. Malo ena amati John anabadwa pa 19 Okutobala 1735, ena pa 30 Okutobala. Onse akunena zoona: Britain ndi madera ake anasintha kalendala mu 1752 n'kudumpha masiku 11. Ndinalemba onse awiri.

Ana a John ndi Abigail ndinawawerenga asanu: Nabby, John Quincy wa 1767, Susanna amene anamwalira ali khanda mu 1770, Charles ndi Thomas. Ndinatseka kope ndili wokhutira. Kenako ndinafika pa makalata a Julaye 1777, John ali ku Congress, msonkhano wa nthumwi za madera a America, ku Philadelphia, Abigail akumuuza za mwana wamkazi amene anabadwa atafa kale. Ndinatsegulanso kope lija n'kuwonjezera mzere wachisanu ndi chimodzi pansi pa Thomas: Elizabeth, 1777.