Kuthokoza Kochokera kwa Alakatuli a ku Dzaleka

Ife achinyamata olemba ndakatulo ku Dzaleka m'boma la Dowa, amene makolo athu anathawa nkhondo ku Congo, Burundi ndi Rwanda, tikuthokoza nonse amene mwakhala mukutimvetsera. Msasa uno unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya akaidi a ndale, ndipo ambiri mwa ife tinabadwira mommuno, moti dziko limene makolo amalitcha kwathu timalidziwira m'nkhani zawo zokha.

Tikuthokoza a Menes La Plume, mlakatuli wochokera ku Congo, amene anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014 n'kutipatsa bwalo lolakatulirapo. Makamaka tikuthokoza aphunzitsi a m'midzi yoyandikana nafe, amene amakhala nafe pansi madzulo n'kumawongola Chichewa chathu ndi cholembera chofiira, osafufuta mawu a Chiswahili kapena Chirundi amene tawaikamo mwadala. Ulemu wotere ndi wosowa, pakuti ambiri amafuna kuti mlendo azilankhula ngati iwo.

Nanunso mayi amene sitinakufunseni dzina, amene mutamva ndakatulo ya manda a agogo otsala ku Uvira m'dziko la Congo munatiuza kuti makolo anunso anachokera ku Mozambique, zikomo kwambiri.