Chaulere chili ndi mwini wake

Mawu a abwana a masana aja akundizungulirabe m'mutu, tulo takana kubwera.

Nkhani inayamba ndi kasitomala wofuna kusamutsa domain yake (dzina la webusayiti) kuchoka kwa registrar wina, kampani yolembetsa mayina otere, kubwera kwa ife. Auth code, mawu achinsinsi osamutsira domain, anatipatsa yolondola, koma nditatumiza transfer, registry (bungwe losunga kaundula wa ma domain) inangobweza nambala ya vuto, 2304. Ndinayesanso, yomweyo. Abwana anali ataima kale kumbuyo kwanga, manja m'thumba, akuloza chala pulogalamu yaulere ya open source imene timagwiritsa ntchito.

"Ndinanena ine kuti zaulerezi zidzatichititsa manyazi. Chinthu chopanda mwini chikafa, uimbira foni ndani?"

Sindinayankhe. Ndinatsegula code ya library yathu ya EPP (njira yolankhulirana ndi registry), pulogalamu yaulere ija, n'kuwonjezera kamzere kamodzi koti indionetse XML yonse yochokera ku registry. Vuto silinali la pulogalamu ayi. 2304 imatanthauza kuti status ya domain ikuletsa zimene wapemphazo. Nditafufuza pa RDAP, poonera zambiri za domain, mawu aja anali poyera: client transfer prohibited. Loko wamba amene registrar wakale amaika. Kasitomala anapempha kuti amuchotsere, transfer inadutsa, yankho 1001, kutanthauza kudikira kuvomereza basi.

Apa ndiye ndinalakwitsa, chifukwa ndinafuna kupambana mkangano. Ndinawauza kuti bwana, ikanakhala pulogalamu yotsekedwa bwenzi pano tikulemba tiketi n'kumadikira yankho. EPP imene tonse timadalira inalembedwa poyera, RFC 5730 mpaka 5734, za 2009, aliyense akhoza kuwerenga. A CZ.NIC, registry ya ku Czech Republic, amayendetsa .cz pa pulogalamu ya FRED, ndipo anaitulutsa kuti ma registry ena aitenge mwaulere. Ngakhale Google inatulutsa pulogalamu yake ya registry, Nomulus, mu 2016. Zonemaster imene inuyo mumaikonda poyesa ma nameserver ndi ya Afnic, registry ya ku France, ndi anzawo a ku Sweden, simulipira kalikonse. Ndinkalankhula mothamanga, mawu akukwera, ngati mwana amene waloweza vesi.

Anandisiya ndimalize. Kenako, mwakachetechete: "Amenewo ali ndi ndalama, ali ndi anthu olembedwa ntchito. Iyi uli nayo iweyi, akuisamala ndani?"

Anatuluka osadikira yankho. Ndi bwino anatuluka, chifukwa ndinalibe.

Chimandinyansa n'choti ndikakwiya ndimayamba kusesa pa desiki, kuwongola zingwe zosafunika kuwongola. Ndinatero kwa kanthawi, kenako ndinakatsegula repository ya library ija, malo a pa intaneti osungira code yake. Munthu mmodzi. Dzina limodzi lokha pa ma commit (zosintha za mu code) pafupifupi onse, ambiri olembedwa usiku kapena Loweruka. Pansi pake mndandanda wa anthu odandaula, ena mwamwano ndithu, ngati anamulipira. Wina analemba zilembo zikuluzikulu zokhazokha kuti bizinesi yake yaima. Mwiniwake anamuyankha mofatsa kuti mwana wake akudwala, aona sabata yamawa. Ndinawerenga kawiri yankho limenelo.

Ndiye ndinakumbuka za WHOIS, njira yakale yofufuzira zambiri za domain. ICANN, bungwe loyang'anira mayina a pa intaneti, itanena kuti kuyambira pa 28 Januwale 2025 RDAP ndiyo ilowe m'malo mwa WHOIS ya pa port 43 kwa ma gTLD (ma domain ngati .com), ndinakhala mausiku angapo ndikukonza kope yathu ya library ija kuti iziwerenga JSON ya RDAP bwinobwino. Inagwira. Ndinadzitama kuofesi sabata yonse. Koma zokonzazo zili pa seva yathu yokha mpaka lero, sindinabwezeko ngakhale mzere umodzi kwa munthu uja. Ndinkati ndiyeretse kaye code, ili ndi manyazi. Kuyeretsako sikunachitike.

Moti abwana analakwitsa ponena kuti chilibe mwini. Mwini alipo, watopa, ndipo ife timadya thukuta lake tili duu. Sindikudziwa ngati zimenezi zikundiika mbali yanga kapena yawo.

Pull request, pempho loti mwini library alandire zokonza zanga, ndailemba, ili pa tabu ina apa. Ndafufuta mawu ofotokozera katatu. Pali function imodzi imene ndinaipatsa dzina lopusa usiku wina, ndipo ndikaisintha ndiyenera kuyesanso zonse pa OT&E, seva yoyesera ya registry, ndiye mwina mawa, ndikaona nkhope ya abwana kuti yadzuka bwanji