Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Miyendo yokana kukhala pansi

Gawo lapitalo ndinalekezera pa tsiku limene ananditulutsa m'chipatala, nditagonamo milungu itatu chifukwa cha matenda a m'maganizo. Ndinatuluka ndi timatumba tiwiri ta mapiritsi, koma si ine ndinatinyamula. Achemwali anga ndiwo anatilandira kwa anesi n'kutiponya m'chikwama chawo, ndipo sindinawiringule. Munthu amene mwezi wathawo anatha masiku asanu osagona, akulemba mapulani a makampani atatu pakhoma la kuchipinda, simungamusungitse mankhwala ake.

Kathumba kena kanali ka haloperidol, kena ka benzhexol, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Artane. Wachiwiriyu ndinadziwana naye mowawa. Tsiku lachitatu ndili m'chipatalamo khosi langa linangopotokera lokha kumanzere, lilime n'kuuma, maso n'kumakwera m'mwamba osafuna kutsika. Ine ndinati basi, ndachita sitiroko. Anesi sanadzidzimuke n'komwe. Anandibaya jakisoni, ndipo pasanathe theka la ola khosi linamasuka. Kuyambira tsiku limenelo Artane ankayenda pambuyo pa haloperidol ngati mlonda wake.

Haloperidol ndisamunamizire, ntchito yake anagwira. Maganizo aja ankaphana pakhomo, lililonse kufuna kutuluka loyamba, anayamba kubwera limodzilimodzi. Tulo tinabwerera. Amayi akamalankhula ndinkawamvetsera mpaka amalize, osawadula mawu.

Koma sabata yoyamba ndili kunyumba miyendo inayamba zake.

Ndayesa kambirimbiri kufotokozera anthu mmene zimamvekera, ndipo nthawi zonse ndimaona kuti sizinawafike. Sizipweteka, siziyabwa, si dzanzinso. Zili ngati m'mafupa a miyendomu wina wasiyamo injini ikulira galimoto ili chiimire. Ukakhala pampando, mphindi siitha, wanyamuka. Ukaima, umangopondaponda malo amodzi ngati mwana wogwidwa ndi mkodzo. Ukayenda ndiye pamakhala kampumulo, choncho umangoyenda. Kuchoka pachitseko kukafika pazenera anali mapazi asanu ndi anayi. Ndinkawawerenga usana wonse, thupi lili lotopa, maso akufuna tulo, miyendo ikuti tiyeni.

Amayi ankandiyang'anira m'mbali. Tsiku lina ndinawamva akunong'oneza achemwali kuti, "Zayambanso." Sindingawaimbe mlandu. Matenda aja asanandigwetse ndinkayendanso chonchi, usiku wonse, ndikulankhula ndekha. Woonera kunja angasiyanitse bwanji?

"Achimwene, takhalani pansi," achemwali anatero.

"Sindingathe."

"Simungathe kapena simukufuna?"

Madzulo ake anabwera ndi kapu ya madzi, m'dzanja muli mapiritsi awiri a haloperidol m'malo mwa limodzi. Anati mwina mankhwala achepa mphamvu, ndimwe awiri kuti ndigone. Ndinamwa. Mawa lake chimodzimodzi. Usiku wachiwiriwo sindinafike n'komwe pabedi. Cha m'mbandakucha ndinaima pazenera paja, n'kuganiza kuti ngati kuchira kwake n'kumeneku, bola moyowu ungotha. Ndalemba zimenezi poyera dala, chifukwa panthawi yonse ya matenda anga enieni ganizo limeneli linali lisanandifikirepo. Linabwera ndi miyendo. Ndinakagogoda kuchipinda kwa achemwali n'kuwauza, ndipo kutangocha tinapita kuchipatala, tsiku limene anatilembera lisanakwane.

Adokotala amene tinawapeza tsiku limenelo anali amayi achikulire, osafulumira. Achemwali anayamba kulongosola kuti matenda abwerera, mwina andigoneke kachiwiri. Adokotala ankamvetsera, koma maso awo anali pansi pa tebulo, pamapazi anga. Kenako anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo.

"Bambo, chikukuyendetsanichi chili m'mutu kapena m'miyendo?"

Ndinatsala pang'ono kulira. "M'miyendo, adokotala."

"Muli ndi mapulani atsopano? Mukudzimva kuti muli ndi mphamvu zoposa anzanu?"

"Ayi. Ndikungofuna kukhala pansi."

Anafunsa kuti ndikumwa mapiritsi angati. Achemwali anaweramitsa mutu n'kunena zoona. Adokotala sanakalipe. Anangoti, "Mwathira palafini pamoto, koma simunadziwe." Vutoli anati dzina lake ndi akathisia. Pambuyo pake ndinadzawerenga kuti ndi mawu a Chigiriki otanthauza kusakhala pansi, ndipo anawayambitsa ndi dokotala wa ku Prague, m'dziko limene lero ndi Czech Republic, Ladislav Haškovec, mu 1901, mankhwala amenewa kulibe n'komwe. Zinandiseketsa pang'ono kuti chinthu chimene ndinalephera kuchifotokoza kwa mayi wondibereka chinali ndi dzina zaka zoposa 100.

Kenako anatenga pepala n'kujambula timadontho tiwiri toyandikana koma tosakhudzana. Anati maselo a mu ubongo sagwirana. Pakati pawo pali kampata, ndipo uthenga umawoloka kampatako ndi timadzi timene selo lina limatulutsa, linzake n'kulandira. Timadzi tina mwa timeneti ndi dopamine. Munthu akamadwala ngati mmene ndinadwalira ine, uthenga wa dopamine umachuluka m'njira imene imauza ubongo kuti ichi n'chofunika, ichi chikukukhudza. Ndiye chilichonse chimaoneka chofunika, ngakhale nambala ya galimoto yodutsa. Haloperidol amakakhala pamalo polandirira dopamine paja, ngati munthu wokhala pampando wa mwini wake. Uthenga ukabwera umapeza malo atatha, phokoso limachepa.

"Vuto lake," anatero akujambula mizere ina iwiri, "piritsi silidziwa adiresi."

Dopamine yemweyo ali ndi njira ina imene imayendetsa minofu. Akatsekedwa kumeneko, ndiye kuuma khosi kuja, kunjenjemera manja, kuyenda mokwekweza mapazi, dovu kuchucha, nkhope yosasintha ngati chithunzi. Ndi zofanana ndi matenda a Parkinson, amene amabwera maselo opanga dopamine m'njira imeneyi akamafa. Njira yachitatu ndi imene imaletsa thupi kupanga prolactin wambiri, amene amachititsa mkaka wa m'mawere. Akatsekedwanso kumeneko, mayi wosayamwitsa amatha kutuluka mkaka, msambo n'kusiya, ndipo abambo chilakolako chimazirala. Chomalizachi adokotala anachinena akuyang'ana pepala, achemwali akuyang'ana khoma, ine ndikuyang'ana mapazi anga.

Pamenepo m'pamene ndinazindikira chinthu chimene chimandiwawabe. Anthu aja timawaona akuyenda mouma, manja osagwedera, pakamwa pali dovu, n'kumati taonani misala yamumaliza, nthawi zambiri chimene tikuonacho ndi mankhwala. Chlorpromazine, kholo la mankhwala onsewa, anayamba kuperekedwa kwa odwala matenda a m'maganizo ku Paris mu 1952, haloperidol n'kupangidwa ku Belgium mu 1958. Asanabwere amenewa anthu ambiri ankakalambira m'zipatala zotsekedwa, ndiye sindingawanyoze. Koma pa milungu itatu imene ndinagona m'chipatala, ndinauzidwa nthawi yomwera mankhwala, ndinauzidwa kuti ndisadumphitse, osauzidwa ngakhale kamodzi kuti miyendo ingadzachite zimenezi. Chikhala kuti wina anatiuza mawu awiri okha potuluka paja, achemwali sakanawonjezera piritsi lija.

Ndinafunsa kuti nanga bwanji Artane sanandithandize. Anati iyeyo amathandiza kuuma ndi kupotoka kwa minofu, koma pa akathisia mphamvu yake ndi yochepa, ndipo kumuwonjezera kungangondiumitsa kukamwa, kundidzimbira m'mimba ndi kundichititsa chidima m'maso. Anandifunsa ngati ndili ndi mphumu. Nditakana, anandiyeza kugunda kwa mtima n'kulemba propranolol woti akhazike miyendoyo pansi, mankhwala amene ine ndinkadziwa kuti ndi a BP. Haloperidol anamuchepetsa, koma anakaniratu zomusiya kamodzin'kamodzi. Anandichenjezanso za vuto lina lobwera mochedwa, la milomo ndi lilime kumangotafuna zokha munthu akamwa mankhwalawa zaka zambiri, limene nthawi zina silitha ngakhale utasiya. Anati ndikadzangoona chizindikiro, ndisadzadikire tsiku la sikelo yanga.

Pomaliza anatchula dzina latsopano, lithium. Anati haloperidol ndi wozimitsa moto, koma pamafunika wina woletsa kuti usabukenso. Kaye anafuna magazi, aone impso ndi chithokomiro, chifukwa lithium amatuluka m'thupi kudzera mu impso, ndipo mlingo wochiza ndi mlingo wovulaza ndi zoyandikana kwambiri.

Pobwerera achemwali sanalankhule njira yonse. Titafika anatulutsa timatumba tija m'chikwama, anatiyang'ana kanthawi, n'kundipatsa m'manja. "Muzisunga nokha, achimwene. Ine ndiziwerenga nawo basi."

Miyendo sinamve tsiku lomwelo. Injini ija inkazima pang'onopang'ono, ndipo ndinazindikira kuti yazima tsiku lachisanu, amayi atandifunsa kuti ndawaonera lumo lawo. Ndinayankha kuti ayi, iwo n'kuima pakhomo osachoka. Nditakweza maso ndinaona kuti sakufunanso lumo, akuyang'ana mpando umene ndinali nditakhalapo chiyambire m'mawa.

Zotsatira za magazi zinatuluka sabata yotsatira. Za lithium, ludzu lake, ndi tsiku limene ndinamwa ibuprofen chifukwa cha dzino osafunsa munthu, tidzakambirana m'gawo 8.