Pa Ilala, kuchoka ku Nkhata Bay mpaka ku Chilumba

Anzanga ambiri amene anakwerako Ilala anatsikira pa Likoma kapena pa Nkhata Bay. Sindikuwanena ayi. Likoma ili ndi malambe ake, ili ndi tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene a Anglican anayamba kumanga mu 1903, ndipo ukalowamo umavula chipewa wosauzidwa. Koma dera limene silindichoka mumtima ndi la kumpoto kwa Nkhata Bay, kumene mapiri amatsetsereka mpaka kulowa m'nyanja osasiya mpata wa msewu.

Tinanyamuka Lamlungu m'mawa. Padoko panali pikitipikiti kusanache: matumba a simenti ndi a ufa, malata, makireti a zakumwa, matiresi okulunga m'mapepala, njinga yamoto imene anyamata anayi anainyamula m'malere. Ndinagula batala wokazinga ndi chinangwa kwa mayi wina pafupi ndi geti, n'kukwera mpaka pamwamba penipeni pamene pamaomba mphepo.

Sitima itangotuluka, madzi anada bii. Kuno ndiye kozama kwambiri pa nyanja yonse, mamita pafupifupi 700. Chakumanzere kunali mapiri okhaokha, minda ya chinangwa itakanirira m'matsitso moti umadabwa kuti wolimayo amaponda pati. Chakumanja, kutali, nkhungu zinkafuka pamadzi ngati utsi wa lupsa.

Ku Usisya kulibe doko lomangidwa, ndipo ku Ruarwe nakonso kulibe. Sitima imaima chapatali, kuponya nangula, kuliza lipenga, kenaka amatsitsa maboti a injini amene amakhala atapachikidwa m'mbali mwake. Ku Usisya msewu ulipo wochokera cha ku Mzuzu, koma ndi wotsetsereka zedi ndipo mvula ikagwa umavuta. Ku Ruarwe galimoto siifika n'komwe. Ndiye lipenga lija likangolira, mudzi wonse umatsikira kumchenga, mabwato ali piringupiringu kuzungulira sitima.

Ndinaima pachitsulo cha m'mbali kuonerera. Mayi wina anamasula mwana kumsana, n'kumupereka kwa wantchito wa m'sitima amene anali pamakwerero. Uyo anamupatsira mnzake m'boti, mwanayo osalira, akungoyamwa chala. Mayiyo anamangitsa chitenje, n'kutsika chambuyo, phazi limodzilimodzi, boti likukwera ndi kutsika. Atafika kumtunda boti silinagunde mchenga, choncho anthu anadumphira m'madzi ofika m'mawondo, katundu pamutu. Mnyamata wina anabereka agogo ake mpaka pouma.

Pambali panga panali bambo wachikulire amene ankadikira kuti malata ake atsitsidwe. Ndinawafunsa kuti, “Bambo, nanga malatawa akafika bwanji kunyumba, poti galimoto kulibe?” Analoza kanyumba kali pamwamba pa phiri nati, “Mwana wanga, apo. Tisenza.”

Sitimayi ndi yakale. Anaipanga a kampani ya Yarrow ku Glasgow, ku Scotland, mu 1949, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, anailumikiza ku Monkey Bay, n'kuyamba ntchito mu 1951. Dzina inatengera kwa Ilala yoyamba ya amishoni, imene inalowa m'nyanjayi mu 1875. Zaka zoposa 70 ikuyenda njira yomweyi. Ndikaganiza za mphunzitsi wa ku Ruarwe, za wodwala wofunika kukafika kuchipatala chachikulu, za mayi amene usipa wake wouma uyenera kukapeza msika, ndimafunitsitsa kuti nkhani ya sitima za pa nyanja yathu tiziikamba mozama monga timakambira misewu ya m'tauni.

Nyanja ya kuno siiseweretsedwanso. Mu 1946 sitima ya Viphya inamira chakuno kumpoto mphepo itakula, ndipo anthu 145 anatha. Amene akufuna kuyenda miyezi yozizira, pamene mwera umaomba, akonzeke kugwedezeka ndipo asaiwale juzi ndi bulangete. Tsiku lathu kunali bata.

Pa Tcharo ndi pa Mlowe tinaima pang'ono, anthu otsika anali ochepa. Dzuwa litapendeka tinadya nsima ya nsomba m'sitima momwemo, tikuyang'ana phiri limene pamwamba pake pali Livingstonia, kumene Robert Laws anasamutsira mishoni mu 1894.

Tinafika pa Chilumba kuli chisisira. Apa pali doko, munthu umatsika osanyowa. Msewu wa M1 uli pafupi, ndipo ambiri mwa amene tinatsika nawo anathamangira maminibasi a ku Karonga. Ilala imathera pomwepa n'kubwerera kummwera usiku womwewo. Ine ndinagona pa Chilumba, ndipo m'mawa ndinakwera minibasi ya ku Chitimba kuti ndikayambe chitunda cha Gorodi chokwera ku Livingstonia, chija cha makona 20.