Ku Valletta, kulondola mtanda wasiliva wa pa masitampa a Malta

Wofuna kumvetsa masitampa a George Cross, mendulo ya ku Britain yolemekeza kulimba mtima, ayambire pa chipata cha Valletta, likulu la Malta. Basi yochokera ku bwalo la ndege la Luqa imatula anthu pafupi ndi kasupe wa Triton, ndipo kuchoka apo ulendo wonse ndi wapansi. Msewu wa Republic Street unawongoka ngati chingwe kuyambira pa City Gate mpaka ku linga la St Elmo, mtunda wa pafupifupi kilomita imodzi. Wochokera ku Malawi afunika viza ya Schengen ndi ndalama za euro, koma zina sizachilendo: galimoto zimayenda kumanzere, mapulagi ndi a mano atatu omwe aja, Chingerezi chimamveka paliponse.

Mukangolowa, kudzanja lamanja kuli zipilala zoduka za Royal Opera House. Bomba linagumula nyumbayi pa 7 Epulo 1942, m'kati mwa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Patangopita masiku asanu ndi atatu, pa 15 Epulo, Mfumu George VI inalembera bwanamkubwa Sir William Dobbie kuti ikupereka George Cross ku chilumba chonse polemekeza kulimba mtima kwa anthu ake. Ndege za Italy zinali zitayamba kuponya mabomba pa 11 Juni 1940, za Germany n'kudzawonjezera moto, ndipo machenjezo a ndege analira koposa ka 3,000 nkhondo isanathe. Mendulo imeneyi inakhazikitsidwa mu Seputembala 1940, ndipo kawirikawiri amapatsa munthu mmodzi. Kupatsa gulu kwachitika katatu kokha: Malta mu 1942, apolisi a ku Northern Ireland a Royal Ulster Constabulary mu 1999, ndi bungwe la zaumoyo la ku Britain la NHS mu 2021.

Pakati pa msewu pali bwalo la St George's Square. Pakhoma la Grandmaster's Palace pali mwala wozokotedwa mawu a mfumu aja, ndipo ndi pabwalo lomweli pomwe Lord Gort, bwanamkubwa amene analowa m'malo mwa Dobbie, anapereka mendulo m'manja mwa Sir George Borg, mkulu wa oweruza, pa 13 Seputembala 1942. Anthu ambiri amangodutsa akuthamangira khofi.

Mendulo yeniyeniyo ili ku National War Museum, m'kati mwa linga la St Elmo, pamodzi ndi kalata ya mfumu. Imani pamenepo ndithu, chifukwa chomwe diso laona apa ndi chomwe mudzayesere masitampa. Ndi kamtanda kasiliva ka mikono inayi yofanana, kokwana pachikhatho, kolendewera pa riboni ya buluu woderapo. Pakati pake pali Jorji Woyera ali pa kavalo akulasa chinjoka, mozungulira mwalembedwa "For Gallantry", ndipo m'ngodya zinayi muli chilembo G chokumbatira VI. M'nyumba yomweyo muli thunthu la ndege ya Gloster Gladiator yotchedwa Faith, ndi nkhani ya zombo za mu Ogasiti 1942: zonyamula katundu zinanyamuka 14, zofika zinali zisanu, chomaliza kukhala Ohio yonyamula mafuta, yomwe inalowa padoko pa 15 Ogasiti itachita kugwiriziridwa ndi zombo zina mbali zonse ziwiri.

Za masitampa zili ku Malta Postal Museum mu Archbishop Street, kamsewu kodutsa m'mbali mwa nyumba yachifumu ija. Anaitsegula mu 2016 ndipo imayendetsedwa ndi MaltaPost. Ndi yaing'ono, koma ili ndi mndandanda wa masitampa a chilumbachi kuyambira Halfpenny Yellow ya pa 1 Disembala 1860.

Pamndandandawo, yambani ndi awiri a Victory, okondwerera kupambana pa nkhondo ija, a mu Disembala 1946. Maiko ambiri olamulidwa ndi Britain anatulutsa chithunzi chimodzimodzi, nkhope ya mfumu ndi nyumba ya malamulo ya ku London ili m'mbali mwa mtsinje wa Thames. Nyasaland nayo inatulutsa ake. Ikani ya Nyasaland pafupi ndi ya Malta, muona kusiyana: dzina la Malta lili pakati pa mitanda iwiri, wa Malta wansonga zisanu ndi zitatu ndi George Cross. Kwa wosonkhanitsa wa kwathu, tsamba la awiriwa atagundizana ndi poyambira pabwino, ndipo silidula.

Okoma kwenikweni ndi a mu 1957, okumbukira zaka 15. Ndi atatu, 1½d, 3d ndi 1s, kutanthauza kobiri ndi theka, tiki, ndi shiling'i, ndalama zomwe agogo athu ankagwiritsanso ntchito kwacha isanabwere mu 1971. Anajambula ndi Emvin Cremona, mmisiri wa ku Malta yemwe ankakongoletsanso matchalitchi, ndipo dzanja lake limadziwika msanga: mizere yakuthwa, kuwala kwa nyali zosakira ndege kukung'amba mdima, nyumba zogumuka, mtanda wonyezimira ndi inki yasiliva. Anatsatira ena mu 1958, 1959 ndi 1961, kenako a zaka 25 mu 1967, Malta itadzilamulira kale kuyambira 1964, ndi a zaka 50 mu 1992. Mwa onsewa a 1957 ndi amene amagwira mtima, chifukwa siliva uja pa mtundu wodera amaoneka ngati mendulo yomwe mwangoisiya ku St Elmo.

Apa ndi pomwe alendo amapusitsika. Mendulo ndi yosowa, koma masitampa ake sasowa ayi. Anasindikiza ambiri, osonkhanitsa a nthawiyo anagula mapepala athunthu n'kusunga m'madirowa, ndipo lero seti wamba imagulidwa ndi ndalama yochepa. Wogulitsa zinthu zakale akayamba nyimbo ya "izi sizipezekanso", tsegulani kabuku ka mitengo ka Stanley Gibbons kapena JB Catalogue ya ku Malta komweko. Dziwaninso kuti mtengo wa m'buku ndi wa sitampa yopanda banga, ndipo pamsika imatsika kuposa apo. Chomwe chimakweza mtengo ndi momwe yasungikira, komanso envelopu yomwe yamatidwapo.

M'thumba mukhale zinthu zinayi: kapani ka masitampa kansonga zaphwatalala, galasi lokuza kakhumi, kachipangizo koyezera mano a m'mphepete mwa sitampa, ndi kabuku ka timatumba kosungiramo. Zala zisakhudze sitampa, thukuta limasiya chidindo chomwe chimadzatuluka patapita zaka. Yambani ndi kumsana. Guluu wosakhudzidwa amakhala wosalala paliponse, ndipo imeneyo ndi imene ogulitsa amailemba MNH. Kachigamba kozimiririka kumtunda ndi pomwe panali kapepala komatira mu alubamu, ndipo mtengo umatsika. Ena amapaka guluu watsopano kuti sitampa ioneke yosakhudzidwa. Yang'anani nsonga za mano ndi galasi: sitampa yong'ambidwa papepala lake imakhala ndi timaubweya ta pepala kunsonga, pomwe yopakidwanso nsonga zake zimakhala zouma gwa, zonyezimira. Mano amawerengedwa pa masentimita awiri, ndipo dzino limodzi lothothoka ndi chilema ndithu. Kenako ikwezeni kowala kuti muone malo opyapyala pomwe pepala linasupuka.

Inki yasiliva ndi yagolide ili ndi mavuto akeake. Imakandika ikakhudzana ndi inzake, ndipo imada ikasungidwa m'mapulasitiki ofewa a PVC kapena pafupi ndi labala. Sitampa yomwe akuti siliva sanasindikizidwepo muikayikire kaye, chifukwa mankhwala amatha kuchotsa inkiyo. Cholakwika chenicheni cha makina chimagulidwa ndi chikalata cha akatswiri, monga a Royal Philatelic Society London.

Envelopu musaiviike m'madzi kuti muchotse sitampa. Ya tsiku loyamba kutuluka kwa masitampawo, yokhala ndi chidindo chowerengeka bwino cha 15 Epulo 1957, imaposa masitampa atatu omasuka, ndipo makalata a nthawi ya nkhondo okhala ndi chidindo cha ofufuza makalata ndi amene osonkhanitsa enieni amalimbirana. Ngati sitampa ili pa kachidutswa chabe ka envelopu, madzi ozizira kwa mphindi khumi akwana, kenako kuumitsa chafufumimba pa pepala lomwa madzi n'kupsinja ndi buku usiku wonse.

Kunyumba mdani ndi chinyezi. Dzinja lathu limamatitsa guluu ku tsamba ndi kubala timadontho tofiirira ta nkhungu tomwe sitichoka. Alubamu iziima chilili, osati kugonekedwa pansi pa inzake, italikirane ndi khoma lakunja, muikemo timapaketi ta silica gel, ndipo muziitsegula kamodzi pamwezi tsiku lopanda mvula.

Pobwerera kuchokera ku St Elmo, tsatani mpanda woyang'ana doko la Grand Harbour. Pali Siege Bell, belu lalikulu lomwe Mfumukazi Elizabeth II inatsegulira mu 1992 pokumbukira anthu 7,000 omwe anafa pa kuzingidwa kwa chilumbachi, ndipo nthawi yake yolira ndi 12 koloko masana. Mbendera za pamadenga ndi zoyera ndi zofiira, ndipo pangodya ya kumtunda kwa mbali yoyera pali kamtanda komweko, kozunguliridwa ndi mzere wofiira.